Meserete Kristos: mpingo wa a Anabaptist umene unakula boma la Ethiopia litautseka

Mwa mipingo yonse ya a Anabaptist pa dziko lapansi, umene uli ndi anthu ochuluka kuposa ina yonse suli ku Switzerland kumene chiphunzitsochi chinayambira, ndiponso suli ku America kumene kunkachokera amishonale ake ambiri. Uli ku Ethiopia, ndipo dzina lake ndi Meserete Kristos. Pofika chaka cha 2021 unali ndi akhristu obatizidwa oposa 370,000 m'matchalitchi oposa 1,100. Pa chiwerengero chimenechi palibepo ana, palibeponso anthu amene akadali m'kalasi yokonzekera ubatizo, chifukwa a Anabaptist amawerenga okhawo amene anasankha okha kubatizidwa. Mpingo wa Mennonite Church USA, umene ambiri amauganizira akamva dzina loti Mennonite (nthambi ya a Anabaptist imene inabala Meserete Kristos), sufika ngakhale anthu 70,000.

Anthu akamakamba za Meserete Kristos amakonda kuthamangira nkhani imodzi: boma linautseka mu 1982 uli ndi anthu 5,000, ndipo pamene bomalo linkagwa mu 1991 anthu aja anali atafika 34,000. Nkhaniyi ndi yoona. Koma ikanenedwa yokhayokha imasocheretsa, chifukwa imamveka ngati mpingo uliwonse ukangozunzidwa ndiye kuti ukula. Ine ndikuona kuti chimene chinausunga mpingowu ndi zinthu zimene unali utamanga kale chizunzo chisanafike, ndipo zinthu zomwezo ndi zimene zikuyesedwa lero pamene wakula kwambiri ndipo boma silikuuthamangitsanso.

A Anabaptist ndi ndani?

Chiyambi chawo ndi mkangano wa mu mzinda wa Zurich. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1520, wansembe Ulrich Zwingli ankasintha zinthu zambiri mu mpingo wa mumzindawo, koma pa chilichonse ankadikira kuti khonsolo ya mzinda ivomereze kaye. Ophunzira ake ena anatopa nako kudikirako. Iwo ankati Malemba akanena, khonsolo ilibe mawu. Mkangano unadzakulira pa ubatizo wa makanda. Usiku wa pa 21 Januwale 1525, m'nyumba ya kwawo kwa Felix Manz, George Blaurock, yemwe kale anali wansembe, anapempha Conrad Grebel kuti amubatize, kenako iyenso anabatiza anzake. Onsewa anali atabatizidwa kale ali makanda, n'chifukwa chake adani awo anawapatsa dzina loti Anabaptist, kutanthauza obatizanso. Eni akewo sankaona kuti akubwereza kanthu, poti kwa iwo madzi othiridwa pa khanda losadziwa chilichonse sanali ubatizo.

Lero munthu angadabwe kuti nkhani ya madzi inkaphetsa bwanji anthu. Nthawi imeneyo ku Ulaya mpingo ndi boma zinali mtolo umodzi. Khanda likabatizidwa linkalowa mu mpingo komanso m'gulu la nzika nthawi imodzi, choncho wokana kubatizitsa mwana ankaoneka ngati woukira boma. Mu 1526 khonsolo ya Zurich inalamula kuti wobatizanso munthu aziphedwa pomizidwa, ndipo pa 5 Januwale 1527 Felix Manz anamizidwa mu mtsinje wa Limmat. Chaka chomwecho ena anakumana m'mudzi wa Schleitheim n'kulemba mfundo zisanu ndi ziwiri zimene anagwirizana. Zina mwa izo ndi zimene zimawasiyanitsa ndi mipingo ina mpaka pano: ubatizo ndi wa munthu amene wakhulupirira yekha, mpingo uzilanga wokha anthu ake osadalira boma, ndipo Mkhristu asagwire lupanga kapena kulumbira. Michael Sattler, amene anatsogolera msonkhanowo, anatenthedwa patangopita miyezi itatu.

Si onse amene anatsata njira ya mtendere. Mu 1534 gulu lina linalanda mzinda wa Münster ku Germany n'kuulamulira ndi zida, ndipo zimene zinachitika kumeneko zinaipitsa dzina la a Anabaptist kwa zaka mazana. Amene anasonkhanitsa otsala okana chiwawa anali Menno Simons, wansembe wa ku Friesland m'dziko la Netherlands, yemwe anasiya unsembe mu 1536. Dzina loti Mennonite linachokera kwa iye. Pa zolemba zake ankakonda kuikapo 1 Akorinto 3:11, vesi lonena kuti palibe maziko ena kupatula Yesu Khristu, ndipo dzina la Meserete Kristos m'chiyankhulo cha Amharic likunena zomwezo, kuti Khristu ndiye maziko.

Musawasokoneze ndi a Baptist. Amafanana pobatiza akuluakulu okha, koma a Baptist anaphuka padera pakati pa Angerezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, ndipo sanatenge mfundo yokana nkhondo. Kuno kwathu nthambi ya banja la a Anabaptist imene anthu amaidziwa ndi Brethren in Christ, imene inafika ku Matopo pafupi ndi Bulawayo mu 1898, ku Macha m'dziko la Zambia mu 1906, kenako ku Malawi m'zaka za m'ma 1980, komwe imadziwika kuti Mpingo wa Abale mwa Khristu.

Kubatizanso m'dziko la Chikhristu chakale

M'mayiko ambiri a mu Africa amishonale ankafika pakati pa anthu amene sanaonepo Baibulo. Ku Ethiopia zinali zina. Chikhristu chinakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 300, nthawi ya mfumu Ezana ya ku Aksum, ndipo mpingo wa Orthodox unali womangiriridwa ku ufumu monga zinalili ku Ulaya masiku a Felix Manz. Mwana wamwamuna amabatizidwa akakwanitsa masiku 40, wamkazi masiku 80. Mu 1944 mfumu Haile Selassie inaika lamulo logawa dziko pawiri pa nkhani ya amishonale. M'madera otchedwa otseguka, momwe munali Asilamu ambiri ndi anthu a zipembedzo za makolo, ankaloledwa kulalikira. M'madera otseka, a anthu a Orthodox, ankaloledwa kuyendetsa zipatala ndi sukulu koma osatembenuza munthu.

A Mennonite anafika mu 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, ndipo anabwera ngati opereka chithandizo. Anatsegula chipatala ku Nazareth, tawuni imene lero imatchedwa Adama, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Addis Ababa, m'nyumba imene kale ankakonzeramo thonje. Patapita zaka zochepa bungwe la mishoni la a Mennonite a ku Pennsylvania, ku America, linatenga ntchitoyo n'kutsegula malo ena ku Deder ndi ku Bedeno chakum'mawa, m'dera la Asilamu. Vuto linali lakuti Nazareth inali m'dera lotseka. Anthu a kumeneko amene anakhulupirira atapempha ubatizo, anawatengera mwakachetechete ku Addis Ababa, ndipo pa 16 Juni 1951 anthu khumi anabatizidwa. Mpingowu umatenga tsiku limeneli ngati tsiku lake lobadwa. Unabadwa mobisa, pa mlandu womwe uja wa ku Zurich.

Kwa munthu wobadwira m'banja la Orthodox, kubatizidwanso sinali nkhani yaing'ono. Achibale ankamuona ngati wataya chipembedzo cha makolo komanso dziko lake lomwe. M'malo ambiri munthu wotere ankachotsedwa mu iddir, kagulu ka anthu oyandikana kamene kamasonkherana ndalama n'kuthandizana pa maliro, ndipo akamwalira ankakanizidwa malo ku manda a pa tchalitchi. Aliyense wodziwa kulemera kwa maliro pa mudzi akhoza kumva kuti chilango chimenechi chinkaluma motani. Ndiye kuchokera pachiyambi, wolowa mpingowu ankadziwa kuti anzake a m'pemphero ndi amene adzamuike m'manda.

Chinthu china chimene chinachitika msanga ndi kuchoka kwa utsogoleri m'manja mwa amishonale. Dzina la Meserete Kristos linakhazikika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo m'dzinalo mulibe mawu oti Mennonite. Mu 1959 kunatsegulidwa sukulu ya sekondale ya Nazareth Bible Academy, imene inasula ambiri mwa atsogoleri a mtsogolo. M'zaka za m'ma 1960 eni dziko ndi amene ankayendetsa mpingo, amishonale n'kukhala othandizira. Mmodzi wa atsogoleri oyambirirawo, Million Belete, anasankhidwa mu 1973 kukhala pulezidenti wa Mennonite World Conference, bungwe lolumikiza mipingo ya a Anabaptist pa dziko lonse. Matchalitchi ena oyambirira anamera m'maesiteti a nzimbe a ku Wonji, pakati pa ogwira ntchito ochokera m'madera osiyanasiyana amene anali kutali ndi maso a achibale.

Kenako kunabwera moto umene amishonale sanaukonzekere. Mu 1962 ana ena a sekondale ya boma ku Nazareth anapita kwa dokotala wa mishoni, Rohrer Eshleman, kuti aziwaphunzitsa Chingerezi. Iye anavomera, koma buku lophunzirira linali Uthenga Wabwino wa Yohane. Posakhalitsa anawo anayamba kukumana paokha, kusala kudya, kupempherera odwala ndi kulankhula malilime. Kagulu kawo kankatchedwa Semay Birhan. Ena mwa iwo anali m'gulu limene linayambitsa mpingo wa chipentekoste wa Mulu Wongel, umene boma la mfumu linakana kuulembetsa ndipo mu 1972 linamanga anthu ake ambiri. Ochuluka anapeza pothawira mu Meserete Kristos, ndipo anabwera ndi mapempheredwe awo. Ichi n'chifukwa chake mlendo wolowa m'tchalitchi cha mpingowu lero sapeza bata limene a Mennonite a ku Pennsylvania amadziwika nalo. Amapeza kiyibodi, makwaya, mapemphero a usiku wonse, maumboni a machiritso ndi kutulutsa ziwanda. Anthu a ku Ethiopia amangowaika m'gulu limodzi ndi Apulotesitanti ena onse, amene amawatcha Pente.

Zaka za Derg

Mu 1974 gulu la asilikali lotchedwa Derg linachotsa Haile Selassie pa mpando, ndipo m'kupita kwa nthawi mphamvu zonse zinagwera m'manja mwa Mengistu Haile Mariam, amene anatengera dziko ku chikomyunizimu. Poyamba Apulotesitanti ena anaona ngati zinthu ziwayendera, poti mpingo wa Orthodox unasiya kukhala mpingo wa boma ndipo unalandidwa minda yake. Chiyembekezocho sichinakhalitse. Anthu masauzande ambiri anaphedwa m'nyengo yotchedwa Red Terror. Mu 1979 boma linapha mkulu wa mpingo wa Orthodox, Abune Tewophilos, komanso Gudina Tumsa, mlembi wamkulu wa mpingo wa Lutheran wa Mekane Yesus. A Pente ankaganiziridwa kuti ndi akazitape a America. Choipitsitsa m'maso mwa boma chinali chakuti ankakopa achinyamata, omwe boma linkawafuna ku misonkhano yake, ndipo ena mwa achinyamatawa ankakana kufuula nawo mawu oika kusintha kwa boma pamwamba pa china chilichonse.

Atsogoleri a Meserete Kristos ankaona matchalitchi a anzawo akutsekedwa, ndipo sanakhale manja lende. Anayamba kuzoloweza anthu kukumana m'nyumba ndi kuphunzitsa akhristu wamba kutsogolera. Tsiku linafikadi mu Januwale 1982. Boma linatseka matchalitchi onse 14, linalanda nyumba ndi sukulu ya Bible Academy, linatseka maakaunti a ku banki, ndipo linamanga atsogoleri asanu ndi mmodzi, mwa iwo Negash Kebede, Shamsudin Abdo ndi Tilahun Beyene. Anakhala m'ndende zaka zinayi osaweruzidwa.

Apa ndi pofunika kuonetsetsa momwe mpingo wopanda nyumba, wopanda akaunti ndiponso wopanda atsogoleri ake akuluakulu unkayendera. Anthu anagawidwa m'timagulu ta anthu asanu kufikira asanu ndi awiri. Kagulu kakakula kankagawidwa pawiri, chifukwa anthu khumi kulowa m'nyumba imodzi kunali kuitana mafunso a akuluakulu a kebele, makomiti a m'madera amene ankayang'anira yemwe walowa ndi yemwe watuluka. Sankafika pamodzi. Wina ankalowa, papite kanthawi, wina n'kutsatira, Baibulo lili lobisa. Pakati pawo pankakhala khofi, poti ku Ethiopia anansi kukhala pansi n'kumamwa khofi ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku, ndipo wosuzumira ankangoona anthu akucheza. Nyimbo zinkaimbidwa motsitsa. Ubatizo unkachitika usiku, nthawi zina m'bafa la m'nyumba. Munthu watsopano sankathamangitsiridwa ku kagulu. Ankayamba waphunzitsidwa kwa nthawi yaitali ndi munthu mmodzi kapena awiri, kuopa kulowetsa kazitape. Maukwati ndi maliro ndi zimene zinkapereka mpata woti anthu ambiri aonane poyera ndi kumva ulaliki, chifukwa palibe boma limene lingaletse anthu kuika maliro.

Kwa ife amene tinazolowera milaga ndi miphakati, kukumana m'nyumba si chachilendo. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu mlaga umathandizira tchalitchi cha Lamulungu, pamene kumeneko kagulu ka m'nyumba kanasanduka mpingo wonse. Chiphunzitso, Mgonero wa Ambuye, kulangizana, kusamala odwala ndi chakhumi, zonse zinkachitikira momwemo. Komiti yaing'ono yobisika inkalumikiza timaguluto, kukonza maphunziro ofanana kuti chiphunzitso chisamwazikane, ndi kutumiza alaliki oyendayenda amene ankalipidwa ndi zopereka za anthu omwewo. Ndipo popeza timagulu tinali tambirimbiri, atsogoleri anafunika ambirimbiri. Amayi, amene kale sankaima kutsogolo, anatsogolera timagulu tochuluka. Kagulu ka anthu asanu kalibe mpando wakumbuyo woti munthu abisalepo. Aliyense ankayenera kupemphera mokweza, kuwerenga, kufotokoza chimene wamva, ndipo pakatha chaka ankatha kutsogolera anzake.

Mu Meyi 1991 Mengistu anathawira ku Zimbabwe, komwe anapatsidwa malo okhala, ndipo Derg inagwa. Mpingo utatulukira poyera unapezeka uli ndi matchalitchi 53 ndi anthu obatizidwa pafupifupi 34,000. Ambiri mwa iwo ankaonana koyamba.

N'chifukwa chiyani ndikukana kunena kuti chizunzo ndiye chinakulitsa mpingowu? Mbiri ya a Anabaptist eni ake imatsutsa zimenezo. Ku Austria ndi ku Bavaria, m'zaka za m'ma 1500, chizunzo chinawatha pafupifupi onse. Ku Soviet Union, nthawi ya Stalin, midzi ya a Mennonite inaphwasulidwa, abusa n'kuphedwa kapena kutumizidwa ku ukaidi, ndipo matchalitchi ambiri sanadzukenso. Chizunzo chimapha, ndipo mabanja a omangidwa aja analipira mtengo umene sitiyenera kuukometsera. Chimene chinasiyanitsa Ethiopia n'chakuti boma litafika linapeza mpingo umene sunkadalira mmishonale, umene anthu ake ankawerenga Baibulo okha, ankapereka chakhumi, ndipo anali atazolowera kale kukanidwa ndi achibale. Komanso nthawiyo mitima ya anthu inali yotseguka. Malonjezo a chikomyunizimu anali atasanduka mfuti, njala ya 1984 ndi 1985 inapha anthu mazana a masauzande, ndipo anyamata ankagwidwa kupita ku nkhondo ya kumpoto.

Tisaiwalenso kuti Meserete Kristos sunakule wokha. Kalembera wa 1994 anapeza kuti Apulotesitanti anali pafupifupi 10 mwa anthu 100 alionse ku Ethiopia, ndipo wa 2007 anapeza 18.6. Mipingo ya Mekane Yesus ndi Kale Heywet ili ndi anthu mamiliyoni uliwonse. Pakati pa a Anabaptist, Meserete Kristos ndi chimphona, koma kwawo ndi mpingo wapakatikati.

Matchalitchi oposa 1,000, mpingo umodzi

Mpingowu sunamangidwe pa mlaliki mmodzi wotchuka amene nkhope yake imaikidwa pa zikwangwani. Tchalitchi chilichonse chimayendetsedwa ndi akulu a mpingo osankhidwa ndi anthu kwa nyengo yoikika, ndipo abusa ndi alaliki amagwira ntchito limodzi ndi akuluwo. Matchalitchi oyandikana amapanga chigawo, zigawo zimatumiza nthumwi ku msonkhano waukulu, ndipo ofesi ya ku Addis Ababa imayendetsa zimene msonkhanowo wagwirizana. Kukula kwake kumachokera pansi. Tchalitchi chimatumiza mlaliki ku mudzi kapena tawuni ina, iye n'kuyambitsa malo opemphererapo amene amakhala pansi pa tchalitchi chomwe chinamutuma. Malowo amadzatchedwa tchalitchi choima pachokha akakhala ndi anthu obatizidwa osachepera 50, atsogoleri akeake, popemphererapo, komanso mphamvu zolipira wantchito mmodzi wa nthawi zonse. Malo otere odikira kukhwima alipo pafupifupi ofanana ndi matchalitchi enieniwo. Mfundo ya wantchito wolipidwa ndi eni ake ndi imene ndimaiona yanzeru kwambiri, chifukwa imaletsa kubala matchalitchi amene moyo wawo wonse udzakhala wodikira thandizo la kunja.

Koma paja walira mvula walira matope. Anthu akamalowa masauzande chaka chilichonse, owaphunzitsa amachepa. Mpingo unatsegula koleji yake mu 1994 ku Addis Ababa ndi ophunzira ochepa chabe, ndipo mu 2007 inasamukira ku Bishoftu, tawuni imene kale inkatchedwa Debre Zeit. Yatulutsa atumiki ambiri, komabe matchalitchi amabadwa mofulumira kuposa momwe koleji ingasulire abusa. Ufulu unabweretsanso mpikisano umene kunalibe nthawi ya Derg: aneneri a pa wailesi ya kanema olonjeza chuma ndi machiritso a pompopompo, amene amakoka achinyamata a mipingo yonse. Ndipo munthu amene lero akhoza kukhala pakati pa anthu 1,000 Lamulungu n'kubwerera kwawo osalankhula ndi aliyense sakulandira chimene makolo ake analandira m'kagulu ka anthu asanu. Timagulu ta m'nyumba tikadalipo, koma tsopano munthu amapitako akafuna.

Mu 2006 msonkhano waukulu unagamula nkhani ziwiri zimene zimasonyeza momwe mpingowu umaganizira. Yoyamba inali yolola amayi kukhala pa maudindo a utsogoleri potengera mphatso zawo. Kunali kuvomereza poyera chimene chinachitika kale m'zaka zobisala. Yachiwiri inali ya mitala. Kale mwamuna wa mitala akatembenuka ankayenera kusiya akazi ena kuti abatizidwe. Msonkhanowo unati azibatizidwa osathamangitsa aliyense, koma asakwatirenso wina ndipo asakhale mtsogoleri mu mpingo. Ine chigamulo chimenechi ndimachilemekeza. Lamulo lakale linkaoneka loyera pa pepala, koma amene ankalipira anali mayi wachiwiri ndi ana ake, otumizidwa kwawo opanda munda, pa mlandu wa ukwati umene unamangidwa mwamunayo asanamve n'komwe uthenga. Mpingo umene ukulalikira pakati pa Asilamu ndi anthu a miyambo ya makolo sukanatha kuizemba nkhaniyi.

Nanga lupanga?

Funso limene a Anabaptist a kwina amafunsa mwaulemu ndi lakuti, kodi mpingo wopemphera ngati a chipentekoste, umene anthu ake ambiri sanamvepo za Menno Simons, ukadali wa Anabaptist? Pa ubatizo wa okhulupirira, pa kulangizana mu mpingo, pa utsogoleri wa anthu wamba ndi pa kuima padera ndi boma, yankho ndi inde, ndipo mwina iwo anazikhala mfundozi mozama kuposa ambiri amene anangozilandira kwa makolo. Pamene pali ntchito ndi pa mfundo yokana chiwawa. M'zaka zoyambirira mphamvu zinapita ku zipatala, sukulu ndi kulalikira, ndipo nthawi ya Derg nkhani inali yongopulumuka. Chiphunzitso cha mtendere chayamba kuzika mizu mochedwerapo.

Pali zimene zikuoneka. Mpingowu uli ndi nthambi yoona za mtendere imene imaphunzitsa atsogoleri a mipingo ndi a m'midzi kuyanjanitsa anthu. Umagwiranso ntchito yaikulu m'ndende zambiri za m'dzikomo. M'madera ena a kumapiri a kumpoto muli mwambo woti munthu akaphedwa, m'bale wake ayenera kubwezera popha wina wa banja la wakuphayo, ndipo udani umapitirira mibadwo. Akaidi ambiri a kumeneko anamangidwira zimenezi. Atumiki a mpingowu akhala akuphunzitsa akaidi otere ndi kuyenda pakati pa mabanja awiriwo kuti womasulidwa akabwerera kwawo asakaphedwe kapena kuphanso. Ntchito ngati imeneyi siimveka patali, koma ndi pamene mfundo ya ku Schleitheim imasanduka moyo wa munthu.

Mayeso aakulu abwera ndi nkhondo za posachedwapa. Nkhondo ya ku Tigray, chigawo cha kumpoto kwa Ethiopia, kuyambira Novembala 2020 mpaka pangano la mtendere la ku Pretoria mu Novembala 2022, inapha anthu mazana a masauzande, ndipo kumenyana kukupitirira m'madera a Amhara ndi Oromia. Ethiopia imayendetsedwa m'zigawo zotsata mitundu ya anthu, ndipo ndale za mitundu zalowa mpaka m'zipembedzo. Kumayambiriro kwa 2023 ngakhale mpingo wakale wa Orthodox unatsala pang'ono kugawanika pa nkhani ya anthu a Oromo ndi chiyankhulo chawo. Meserete Kristos uli ndi anthu a mitundu yonseyi, opemphera m'ziyankhulo zosiyanasiyana, ena ali mbali iyi ya nkhondo ena mbali inayo, ndipo ambiri athawa m'nyumba zawo. Kuti onsewa akhalebe pa msonkhano waukulu umodzi ndi ntchito yolemera kuposa kubisa Baibulo.

Palinso yesero lina limene mbadwo wa 1982 sunkaliganizira. A Pente sakuthamangitsidwanso ndi boma. Ali pafupi ndi mpando. Nduna yaikulu Abiy Ahmed, amene analowa mu 2018, ndi Mkhristu wa chipentekoste, ndipo mu 2020 nyumba ya malamulo inapereka chilolezo chapadera kwa khonsolo yolumikiza mipingo ya Apulotesitanti. Kwa anthu amene kale ankakanizidwa ngakhale manda, kulemekezedwa kotere n'kokoma, ndipo sindingawadzudzule posangalala nako. Koma mpingo umene unabadwa pokana kumangiriridwa ku boma uyenera kusamala pamene boma layamba kuumwetulira, makamaka boma limene lili pa nkhondo ndi anthu ake omwe. Kudzudzula wolamulira amene amakuzunza n'kosavuta kusiyana ndi kudzudzula wolamulira amene amapemphera ngati iwe.

Nkhani ya kuchepa kwa aphunzitsi ndi nkhani ya lupanga zimakumana pamalo amodzi. Mnyamata wa mpingowu ku Wollega m'chigawo cha Oromia kapena ku Gojjam m'chigawo cha Amhara, amene anzake a mtundu wake akumuuza kuti atenge mfuti ateteze mudzi, sakafunsa aphunzitsi a ku Bishoftu kapena ofesi ya ku Addis Ababa. Amakafunsa mkulu wa mpingo wa m'mudzi mwake, mlimi mnzake amenenso ali ndi abale ophedwa. Akulu a mpingo otere alipo masauzande, ndipo ambiri mwa iwo sanapondeko pa koleji.